Kalata yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa Blantyre: ana athu akaweruka amapita kuti?

Olemekezeka a Mfumu, pamodzi ndi makhansala onse a mzinda wathu,

Ndagwira mwendo wanu, ndibwerekeni khutu. Ndine kholo la ku Ndirande, ndipo nkhani yanga ndi ya maola amene palibe ofesi imene imawawerengera: kuyambira pamene belu loweruka lalira kupulayimale kufikira pamene mayi kapena bambo afika pakhomo kuchokera kuganyu, kumsika wa Limbe kapena kumafakitale a ku Makata. Ana a sitandade 1 ndi 2 amaweruka dzuwa lisanapendeke. Akuluakuluwo pofika cha m'ma 2 koloko amakhala ali panjira. Ife makolo timafika kutada. M'kati monsemo mwana amadya chimene wachipeza, amasewera pamene papezeka mpata, msewu ndi mtsinje amawoloka yekha. Pempho langa ndi lakuti khonsolo iwatenge maola amenewa ngati ntchito yake, monga momwe imatengera misika ndi zinyalala, ndipo m'wodi iliyonse mukhale malo odziwika amene ana angapiteko masana kukaphika, kukathamanga ndi kukaphunzira kudziteteza, pamaso pa akuluakulu odalirika.

Mwina mudzati zimenezi ana amaphunzira kale m'kalasi. Zoonadi amaphunzira. Funsani mwana aliyense wa sitandade 5 magulu asanu ndi limodzi a zakudya, akulakatulirani osapumira: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso, zamafuta. Mayeso akhoza ndithu. Mukatero kaimeni pageti pa sukulu yomweyo nthawi ya buleki. Amayi ayala malonda pansi pa mtengo: beseni la zigege zonyezimira ndi mafuta, mandasi, timapaketi ta majigisi, mafilizesi ofiira ndi obiriwira, ndipo chakumapeto kalichero ka nthochi. Kamtsikana katulutsa K200 yopindapinda m'sokosi, kayang'ana nthochi, kayang'ana filizesi. Kagula filizesi, kaboola pakona ndi mano, ndipo belu lisanalirenso lilime lonse lafiira. Anzake onse pamzerepo atero. Nthochi zija mayi abwerera nazo kunyumba. Mwanayo phunziro sanaiwale ayi, lili m'kope mwake ndi chizindikiro chofiira cha aphunzitsi. Kungoti palibe amene anamuonetsapo phunzirolo lili m'mbale.

Ziwerengero inu muli nazo kuposa ine, koma ndikumbutseko zitatu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa amayi ndi atsikana a zaka 15 mpaka 49, mmodzi mwa atatu ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Wina wa mu 2009 anali ataonetsa kale kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa n'komwe. Ndiye kuti nyumba imodzi yomweyo muli mwana wosakula bwino, mtsikana wachizungulire, ndi agogo omwera mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kutauni kuno mavuto atatuwa amadyera mbale imodzi, ndipo mwana amene lero wazolowera mchere, shuga ndi mafuta obwerezabwereza pachiwaya ndiye adzakhale pamzere wa kuchipatala cha Queens zaka 25 zikubwerazi.

Anthu ogwira ntchito imene ndikupemphayi tili nawo kale. Bungwe la Mary's Meals linayambira m'Malawi muno mu 2002 ndi ana 200, lero likudyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo amene amasenza ntchitoyo ndi amayi ongodzipereka. Amadzuka m'bandakucha, kutunga madzi, kusonkha moto, kutakasa phala la Likuni ndi mthiko wofika m'chifuwa, kuti ana akamafika ndi makapu awo apulasitiki apeze lapsa. Tili ndi alangizi azaumoyo oyenda khomo ndi khomo, amayi a makeyagulupu, alezi a sukulu za mkombaphala, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi m'mizikiti, aphunzitsi opuma ntchito, osewera mpira akale amene akungokhala pabawo. Aliyense akugwira kwayekha, ndipo ambiri a iwo maso awo ali pa ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera. Mwana akangofika zaka zisanu ndi ziwiri timati wakula, adziona yekha. Khonsolo ndiyo ili ndi mphamvu yoitana anthu onsewa kuti akhale pansi pamodzi m'wodi mwawo.

Kale kuphika tinkaphunzirira kumasanje, ndipo ndi zomwezo zimene ndikupempha, kungoti pakhale wamkulu wodziwa. Tsiku limodzi pa sabata, ana 20 kapena 30, mbaula ziwiri, aliyense abwere ndi kanthu: uyu tomato mmodzi, uyu kamtolo ka bonongwe, uyo kambale ka nsinjiro. Asambe m'manja ndi sopo, asadzule nkhwani okha, aphike okha, adye. Pamoto pomwepo ndi pamene mlangizi anganene zinthu zimene sizilowa bwino pabolodi. Soda amafewetsa masamba msanga koma amawononga mavitamini ena, ndipo ndiwo zowira mpaka kuda zataya zambiri. Kadontho ka mafuta kapena nsinjiro kamathandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba ndi m'maungu. Gwafa, lalanje kapena malambe ukadyera limodzi ndi nyemba zimathandiza kuti zowonjezera magazi zilowe m'thupi, pamene tiyi womwera pachakudya amazitsekereza. Usipa ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi momwe muli zolimbitsa mafupa. Mtedza wachuku ndi wotaya, osati wosinja kuti usaoneke. Mgaiwa uli ndi zofunika zimene ufa woyera unazisiya m'madeya.

Pa mgaiwapa pali nkhondo yakeyake, a Mfumu. Ana a m'tauni amachita manyazi ndi mgaiwa, chisoso, luni ndi kholowa, amati ndi zakumudzi, za anthu osauka, ndipo manyaziwo anawatengera kwa ife makolo amene mlendo akabwera timabisa thelele n'kuthamangira soseji ndi zakumwa za m'botolo. Manyazi otere sachoka ndi chikwangwani. Amachoka pamene gulu lonse la anzako likunyambita zala pa futali amene waphika ndi iweyo. Anyamata asasiyidwe kunja kwa khitchini imeneyi, chifukwa mnyamata wosadziwa kuphika akadzayamba kukhala yekha moyo wake wonse udzakhala wa pachiwaya. Za malo a dimba musade nkhawa. Mpiru ndi bonongwe zimamera bwino m'thumba la feteleza lodzaza dothi ndi manyowa, ndipo mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, ingakwane pamizere iwiri kuseri kwa kalasi.

Amayi a pageti aja musawathamangitse. Ndi makolo a ana omwewo, ndipo beseni la zigege ndilo limalipira lendi. Aitaneni nawonso, muwathandize kuona kuti chimanga chophika, mtedza wokazinga, chigumu cha nthochi, mbatata yootcha ndi thobwa laukhondo zili ndi phindu. Komiti ya sukulu itagwirizana nawo kuti masiku ena a sabata pageti pazikhala zoterezi zokha, ana angagule, pakuti njala ya buleki sisankha.

Tsopano ndifike pamene pandiwawa kwambiri, pa mabwalo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azisewera motulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Ana a Blantyre safuna kuwakakamiza pa zimenezi, chimene akusowa ndi malo. Pitani madzulo m'makwalala a ku Mbayani, Bangwe kapena Zingwangwa. Anyamata akulunga mapepala apulasitiki ndi zingwe, apanga chikulunga, aika miyala iwiri uku, iwiri uko, masewero ayamba pakati pa msewu. Wina akakuwa kuti galimoto, onse amwazika, wagolo atola miyala yake, galimoto idutsa, abwerera. Njinga yamoto siimveka msanga, imangotulukira. Mpira ukagwera m'ngalande ya madzi akuda, amene amatumidwa kukautola ndi wamng'ono pa onse, wopanda nsapato uja. Pambali atsikana akusewera fulaye pakampata ka pakati pa nyumba ziwiri, wapakati akuzinda mpira kwinaku akudzaza mchenga m'botolo, mpaka mwini nyumba atuluke kudzawathamangitsa chifukwa cha zenera lake.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, ndipo m'dziko lonse theka la anthu ndi osakwana zaka 18. Malo ambiri amene ana ankasewerapo zaka zapitazo lero pali nyumba, tchalitchi, potsukira galimoto kapena dzala. Sindikuloza chala munthu, mzinda ukukula ndipo aliyense akufuna pogona. Koma bwalo likangomangidwapo lapita mpaka kalekale, ndipo ana, amene ndiwo eni ake, sakhala nawo pamisonkhano yogawa malo. Tikupempha kuti khansala aliyense, pamodzi ndi mafumu ndi mabuloko lida, ayende m'wodi mwake alembe bwalo lililonse limene latsala, ngakhale lotsetsereka, ngakhale lamiyala. Mndandandawo uwerengedwe poyera, malowo aikidwe zizindikiro za malire, ndipo alowe m'malamulo a khonsolo kuti wofuna kumangapo akumane ndi lamulo, osati ndi kulira kwa ana kokha. Kumene kulibiretu bwalo kuli sukulu. Ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, mapulayimale a boma ali m'manja mwa makhonsolo. Mabwalo ake akhale otsegula masana, Loweruka ndi patchuthi, pokhala munthu wodziwika wosunga kiyi ndi kuyang'anira zimbudzi.

Timanyadira kuti mu 2018 ma Queens, timu yathu ya mpira wamanja, anagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth, kuti ma Scorchers, timu yathu ya amayi ya mpira wamiyendo, anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, kuti Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Iye ndi mkulu wake Tabitha anayambira pafumbi ku Rumphi. Koma ine sindikupempha bwalo kuti tipeze Temwa wina. Akapezeka tidzavina. Ndikupemphera ana enawo, amene sadzavala yunifolomu ya dziko koma ali ndi mtima, mapapo ndi mafupa zofunika kulimba, kuphatikizapo woyenda ndi ndodo ndi wachialubino amene akufunika mthunzi ndi chipewa kuti asewere nawo. Kamuzu Stadium ndi yabwino, koma mwana wa ku Chigumula alibe ya minibasi yopitira ku Chichiri tsiku ndi tsiku. Bwalo lake likhale loyenda wapansi.

Kusukulu musadalireko kwambiri pa zolimbitsa thupi. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi ndi osefukira, ndipo silabasi itasintha masewero anaphatikizidwa ndi nyimbo, zojambula ndi kusoka m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Mphunzitsi wa ana 100 amene ali ndi mpira umodzi wophulika amangolemba malamulo a mpira wamanja pabolodi, ana n'kukopera. Ndani angamudzudzule? Achikulire adzati nthawi ya apayoniya ana ankathamanga m'mawa uliwonse. Nthawi imeneyo sindikuilira, chifukwa inkayenda ndi mantha, ndipo manthawo tinawakana mu 1993. Chimene tinalephera ndi kuika china m'malo mwake. Jingo, chipako, fulaye, chitelera ndi beni sizifuna zipangizo zochokera kunja, zimafuna malo ndi munthu woimba wezulo.

Ndipo muwakumbukire atsikana poika nthawi. Mnyamata akaweruka amaponya chikwama n'kutuluka. Mlongo wake amapeza mbale, ndowa ndi mwana woti abereke zikumudikira. Pofika zaka 12 kapena 13 ambiri amasiyiratu kusewera, ena chifukwa cha ntchito, ena chifukwa pabwalo palibe chimbudzi chotseka ndi madzi. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo akanena poyera kuti Lachitatu masana mtsikana aliyense ali kubwalo, madzi atunge mchimwene wake, makolo ambiri adzamva.

Za chitetezo, mzinda uno uli ndi chitsanzo chakechake chimene chinagwira ntchito. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto, linabaya agalu 35,000 katemera wa chiwewe m'masiku 20 ogwira ntchito muno mu Blantyre. Amene tinaona mizereyo tikukumbuka ana akukoka agalu ndi zingwe za chitenje, ena atanyamula tiana tagalu m'manja. Anthu omwewo analowanso m'masukulu kukaphunzitsa zinthu zochepa kwambiri: galu akakuthamangira usathawe, ima chilili manja pachifuwa; akakuluma tsuka balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, uza wamkulu, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Ana sankangomvera, ankaimirira n'kuyeserera, wina kukhala galu, wina wolumidwa, kalasi yonse kuseka. Uthenga unali waufupi, unalowa m'thupi, ndipo unafika kunyumba kudzera mwa anawo. Njira imeneyi ndiyo titengere pa zoopsa zina zonse.

Choyamba ndi msewu. WHO imati ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Ana athu amawoloka Masauko Chipembere Highway, msewu wa Zalewa, wa Chikwawa ndi wa Midima, ena ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha. M'mawa mumaona njinga yamoto ya kabaza itanyamula ana atatu, wamng'ono atakhala pathanki, palibe ndi mmodzi yemwe wovala chipewa choteteza mutu. Kuwoloka msewu kuphunzitsidwe pamsewu penipeni, ndi wapolisi wapamsewu ndi ana khumi khumi: poima, poyang'ana, chifukwa chake sitiwoloka kutsogolo kwa minibasi yoima, chifukwa chake pamene palibe njira ya oyenda pansi timayenda kudzanja lamanja kuti tiziona galimoto ikubwera. Akabaza aitanidwe kudzera m'masiteji awo, pakuti ambiri ndi achinyamata a m'dera lomwelo. Koma tisamunamize mwana kuti akasamala yekha ndiye kuti wapulumuka. Mahampu, mizere yowolokera yopentedwa mooneka, ndi liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola pafupi ndi sukulu, zimenezo ndi za akuluakulu, ndipo zambiri zili patebulo panu.

Chachiwiri ndi madzi. Kuopsa kwake tinakuona mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mwana aliyense wokhala m'mphepete mwa Mudi, Nasolo ndi Naperi, kapena m'tsinde mwa phiri, adziwe ndi mapazi ake njira yothawira ndi malo okakumana, ayiyende dzuwa likuwala mvula isanayambe. Adziwe kuti madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa ndi wamkulu yemwe, ndipo kuchedwa kusukulu kuli bwino kusiyana ndi kuwoloka mtsinje wodzaza. Miyezi iwiri Freddy asanafike, mu Januwale 2023, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mwana wa zaka khumi angathe kuthira mankhwala m'madzi akumwa ndi kusungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ngati wina anamugwiritsapo botolo ndi paketiyo m'manja.

Nyumba nayo ili ndi zake. Masana amene amalera khanda nthawi zambiri ndi mwana mnzake. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mbaula imalowa m'nyumba, mphika wa phala uli pansi, khanda likukwawa. Mlezi wamng'onoyo auzidwe kuti popsa timathirapo madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, kenako kuchipatala. Auzidwe kuti mbaula yamakala siigona m'chipinda chotseka, ndiponso kuti parafini ndi mankhwala a makoswe sizisungidwa m'botolo la zakumwa.

Pali choopsa china chimene ntchito yomwe ndikupemphayi ingabweretse ikayendetsedwa mwachisawawa. Paliponse posonkhana ana pamabweranso anthu a zolinga zoipa, ena atavala nkhope ya kochi kapena mlangizi. Wodzipereka aliyense adziwike kwa amfumu, kwa apolisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu asanapatsidwe wezulo. Pasakhale wamkulu mmodzi yekha ndi ana, pazikhala awiri, mmodzi wamayi, ndipo zonse zizitha dzuwa lisanalowe. Ana aphunzitsidwe mosabisa mawu kuti pali malo a thupi lawo amene munthu sayenera kuwagwira, kaya ndi malume, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi m'busa, ndipo nambala yaulere yothandizira ana ya 116 ilembedwe pakhoma la bwalo lililonse. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mtsikana wa fomu 2 adziwe zimenezi, ndipo amene amamudikira pageti ndi galimoto adziwenso kuti iye akudziwa.

Mudzafunsa za ndalama. Zigoli zachitsulo, mipira, miphika iwiri, mbaula, chimbudzi, mpopi ndi kangachepe ka sopo kwa odzipereka: pa wodi imodzi zimenezi sizingafike mtengo wa msonkhano umodzi wa masiku atatu kuhotela ya kunyanja. Thumba la chitukuko la CDF lilipo, makampani amene amagulitsa shuga, mafuta ndi zakumwa kwa ana omwewa ali mumzinda mwanu momwemuno, ndipo mabungwe akabwera ndi mapulojekiti awo auzidwe kuti alowe m'ndondomeko ya wodi, asayambitse yawoyawo imene idzafe ndalama zikadzatha. Chonde ntchitoyi isayambe ndi mwambo wokhazikitsa, matisheti ndi maalawansi. Iyambe ndi mawodi atatu, wina wa m'phiri, wina wa m'mphepete mwa mtsinje, wina wa pamsewu waukulu. Pakatha chaka muwerenge ana amene amabwera, atsikana angati, mabwalo angati atetezedwa, ndipo mutiuze zoona ngakhale zitakhala zochititsa manyazi.

Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Tikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo yonse bajeti isanamangidwe, ndipo tsiku lake lilengezedwe pawailesi ndi m'misika. Makolo a ku Ndirande tidzabwera ku Civic Centre kudzamvera, ndipo tidzabwera ndi mndandanda wa mabwalo a kwathu tatalemba kale.

Ine wanu mwaulemu,
Kholo la ku Ndirande